Kodi mnzathu uja ali kuti?

Pafupifupi gulu lililonse la anthu ocheza limodzi muno m'Chilinde lili ndi mmodzi amene anasiya kubwera. Sanasamuke ayi, nyumba yake ndi yomwe ija, ndipo mukadutsa m'mawa mumaona zovala zake zili pachingwe. Sanayambanenso ndi wina aliyense. Pagulu la pa WhatsApp akadalipo ndipo mauthenga amawerenga, koma ikangofika nkhani yoti Loweruka tikumane pakutipakuti, iye zii. Mukamuimbira amati, "Amwene, ndatanganidwa pang'ono, tsogolani ndikupezani." Mumadikira mpaka kubalalika osamuona. Ambirife chimene chavuta timachidziwa, kungoti timachita manyazi kuchitchula. M'thumba mwauma, ndipo munthu wamkulu safuna kumangoguliridwa zinthu sabata ndi sabata anzake akuona.

Kucheza kwakwera mtengo, tisanamizane. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Akatswiri a zachuma anazifotokoza m'njira zawo pawailesi, koma ife tinazionera pachiwaya. Mulu wa tchipisi unaphwa, kanyenya anayamba kudulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo mnyamata wokazinga uja, amene kale ankaika basela osapemphedwa, anayamba kuyang'ana kumbali popereka mbale. Sindimuimba mlandu, nayenso mafuta ophikira akuwagula modula. Ndalama ya K5,000 itangotuluka mu Febuluwale 2022, munthu ukaigwira unkayenda mwamphamvu. Lero ukaisintha masana, pofika madzulo sudziwa kumene yalowera.

Onjezanipo nkhani ya mayendedwe. Kuchoka kuno kupita ku Bwandilo ku Area 47, kapena ku Gateway Mall, ndi maminibasi awiri, ya m'tauni kenako ina kuchokera ku depoti. Popita zimatheka. Vuto ndi pobwerera, usiku maminibasi atasiya kuyenda, pamene wa kabaza amatchula mtengo wake podziwa kuti mulibe kothawira. Choncho munthu asanalawe n'kanthu komwe, wawerengera kale ndalama imene ikanagula ndiwo za masiku angapo. Bambo wa ana amene ganyu yake yaima sangachite masamu amenewa n'kunyamuka ndi mtima woyera.

Koma sindikufuna kukankhira zonse kwa kwacha, chifukwa mbali ina tinaipanga tokha. Penapake tinagwirizana, popanda kukhala pansi, kuti kucheza kwenikweni ndi kumene kumajambulika bwino. Malo akhale owala, patebulo padzaze, zithunzi zikwere pa Facebook tsiku lisanathe. Ulendo wa kunyanja nawo unasanduka mwambo. Timasonkherana ya basi, timasindikizitsa malaya ofanana, timanyamuka m'bandakucha kupita ku Senga Bay ku Salima, mtunda wopitirira makilomita 100. Ine nyanja ndimaikonda, ndipo munthu wokhala m'fumbi la Lilongwe akaona madzi aja mtima umatsika. Amene angathe apite, ndipo asangalale popanda kupepesa kwa wina. Chimene chimandipweteka ndi choti m'magulu ambiri ulendo wotere ndi umene watsala wokha. Tikapanda kukonza zazikulu, sitikumana n'komwe. Ndiye amene walephera kusonkha kawiri motsatizana amadzichotsa yekha mwakachetechete, ndipo zithunzi zathu amazionera pafoni ali kwawo.

Azimayi nawo akulira ndi zomwezi, mwina kuposa ife. Mlongo wanga amandiuza kuti nyengo ya maukwati ikafika, Loweruka lililonse pamakhala chinkhoswe, phwando lotsanzikana ndi mkwatibwi kapena ukwati weniweni, ndipo paliponse pali nsalu yake yoti ugule, telala woti umulipire, ndi ndalama zosinthitsa za perekaniperekani. Mayi amene sangakwanitse nsalu amati mwana wadwala. Anzake a ku banki m'khonde amadziwa kuti mwanayo ali bwinobwino akusewera panja, koma nawo amangoti pepani.

Chikhalirecho Chilinde si malo osowa pochezera. Tili ndi bawo pansi pa mtengo, pamene madoda amatha tsiku lonse akutakata ndi kunyozana mwaulemu, woonerera n'kumalangiza ngakhale sanafunsidwe. Tili ndi mabenchi a kometera tsitsi, kumene theka la anthu okhalapo sanabwere kudzameta. Tili ndi amayi ootcha chimanga pamphambano, thobwa wozizira, zigege zotentha, ndi tinyumba toonetsa mpira wa ku England momwe munthu amalowa ndi ndalama yochepa n'kutuluka mawu atasasa. Ukafuna kuwongola miyendo, ku Kawale ndi pafupi, ukhoza kukaima pa Masintha n'kuonerera anyamata akuthamangitsana ndi chikopa. Zonsezi zilipo lero lomwe. Chinasintha ndi choti ena a ife, titayamba kulandira kangachepe, tinayamba kuziona ngati za anthu osowa chochita.

Ndikafuna kukumbuka tsiku limene dera lino linacheza ngati banja limodzi, maganizo amandifikitsa pa 25 Januwale 2022. Flames inali itafika koyamba mu ndime ya matimu 16 ya mpikisano wa AFCON ku Cameroon, itagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango ndi kulepherana ndi Senegal. Usiku umenewo tinkakumana ndi Morocco ku Yaoundé. Sabata yomweyo namondwe Ana anali atasakaza m'chigawo cha kum'mwera, abale athu ku Chikwawa ndi ku Nsanje ali m'madzi, ndipo malo opangira magetsi a Kapichira anali atawonongeka, moti magetsi anavuta dziko lonse. Amene anali ndi kanema wamkulu pabalaza analibe pomulumikiza. Tonse tinatuluka kukasaka kumene kukulira jenereta. Mabwana, a kabaza, ana a sukulu, amayi atabereka ana kumbuyo, tinapanikizana m'malo amodzi, ena atakwera pamipando, ena akusuzumira pawindo.

Mphindi zisanakwane khumi, Gabadinho anaona goloboyi wa Morocco atatuluka pang'ono, n'kuumenya mpira uja kuchokera kutali kwambiri mpaka kulowa mugolo. Phokoso limene linabuka sindinalimvenso m'Chilinde. Ndinakumbatirana ndi munthu amene mpaka lero sindimudziwa dzina. Youssef En-Nesyri anabweza tisanapite kopuma, Achraf Hakimi n'kutitsiriza ndi mpira woika pansi m'chigawo chachiwiri, tinagonja 2-1. Tinabwerera kunyumba mumdima tikukambabe za chigoli chija, ndipo panjira panalibe amene anafunsa mnzake kuti wawononga zingati. Anthu amene lero timati anasowa, usiku umenewo analipo onse, akukuwa nafe.

Nyimbo nazo zimatichitira zomwezo tikazilola. Kumbukirani mmene agogo athu a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, anatchukiranso atajambula ndi Patience Namadingo mu 2020, kenako nyimbo yawo ya Linny Hoo n'kufalikira pa TikTok mpaka kuvinidwa ndi anthu a m'maiko amene sadziwa n'komwe kumene kuli Chiradzulu, kwawo kwa agogowo. Kuno foni imodzi inkayenda m'manja mwa anthu khumi, yense akufuna kuona yekha. Ndipo pamene Lucius Banda anatisiya pa 30 Juni 2024, panalibe amene anaitanitsa msonkhano, koma m'magolosale, m'maminibasi ndi m'mashabini munkamveka mawu ake okhaokha. Anthu ankaima panjira n'kumauzana kumene anamuonera koyamba ndi Zembani Band, wina ku Lilongwe Golf Club, wina kumchenga ku Sand Music Festival, wina pabwalo la kumudzi kwawo.

Mkangano umene ndimaukonda kwambiri pabenchi la kometera ndi wa nyimbo zakale ndi zatsopano. Akuluakulu amati kuyambira pamene anapita Evison Matafale mu 2001 uthenga wakhala ukuchepa, ndipo akanapanda a Black Missionaries kugwirizira, bwenzi zitatheratu. Anyamata amaseka n'kuika Eli Njuchi, Driemo kapena Zeze Kingston, wina n'kuyamba kuvina amapiano pomwepo tsitsi litametedwa theka. Ine maganizo anga ndi oti achinyamatawa sitikuwapatsa ulemu wokwanira. Panali nthawi imene paukwati pankalira nyimbo za ku Congo, ku Nigeria ndi ku Joni kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ya kwathu n'kumveka mwa apo ndi apo. Lero ana athu akuvina nyimbo za m'Chichewa mosakakamizidwa, ndipo oimba ake akudzaza mabwalo. Kuti mawu ena ndi opepuka, n'zoona, koma si nyimbo zonse zakale zimene zinali ulaliki. Mkangano umenewu sutha, sulira ndalama, ndipo nthawi zambiri katswiri wake amakhala mnzathu yemwe uja amene tinamusiya kunyumba.

Pali chinthu china chimene chimandilemera ndikachiganiza. Ife a m'makomboni pamaliro sitilephera. Uthenga ukangomveka, mbale ya chipepeso imayenda khomo ndi khomo, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, abambo timagona pasiwa, ndipo ya bokosi imapezeka ngakhale pakati pa mwezi. Umenewu ndi ulemu wathu ndipo tisautaye. Koma taganizani, munthu amene tingamugulire bokosi tsiku limodzi, tikulephera kumugulira mbale ya tchipisi ali moyo, kapena kungomuyendera. Apolisi akhala akunena zaka zapitazi kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Sindikunena kuti aliyense wosiya kubwera kocheza ali panjira imeneyo. Ndikunena kuti mwamuna wa kuno sanena kuti zandivuta, amangochepetsa mawu, ndipo malo okhawo amene akanatulutsirako za kumtima ndi pakati pa anzake. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, koma ife tikumusiya munthu asenze yekha lendi, fizi ndi manyazi.

Foni pankhani iyi sithandiza kwenikweni, chifukwa pafoni aliyense ali bwino. Chofunika ndi kupita, kuodira pakhomo, kupereka moni kwa alamu, kenako n'kunena kuti, "Achimwene, tandiperekezani pamsikapa." Kuperekeza mnzako sikulira ndalama, ndipo palibe amene amachita nako manyazi. Panjira nkhani zimabwera zokha. Mukafika pachiwaya, itanitsani mbale imodzi yaikulu, aliyense azitola ndi kamtengo kake, pasakhale poonekera kuti iyi ndi ya uje. Mkulu wina wokonza magalimoto ku Biwi anandiphunzitsa njira ina imene ndimaisirira. Iye akadziwa kuti mnzake zamuthina, amamupatsira ndalama kumbali asanafike pagulu, kuti nthawi yogula ikakwana mnzakeyo aitanitse yekha ndi pakamwa pake. Gulu lonse limaona munthu akugulira anzake, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Magulu athu angathenso kusintha kachitidwe popanda kutaya chilichonse. Ulendo wa kunyanja ukhalepo kamodzi pachaka, koma pakatipa tizikumana pakhonde la mmodzi wa ife mosinthana, wina abweretse mbatata, wina mtedza, wina sipika, amene alibe kanthu abweretse nkhani. Silver Strikers, Civil Service United, Blue Eagles ndi Kamuzu Barracks onse ndi matimu a mumzinda muno, ndipo Silver inatenga ligi mu 2024. Kukhala kumalo otsika mtengo pa Silver Stadium kapena pa Civo, dzuwa likukuwombani nonse mofanana, n'kucheza kokwanira. Bingu National Stadium inatsegulidwa mu 2017, koma muno muli anthu ambiri okonda mpira amene sanapondemo.

Pempho langa lina likupita kwa oimba ndi okonza zoimbaimba. Zambiri zimachitikira kutali ndi ife, zimayamba usiku kwambiri, ndipo mtengo wa pakhomo ndi wa anthu a malipiro a pamwezi. Komatu amene amaimba nyimbo zanu pochapa, pokazinga ndi popalasa njinga ali kuno ku Chilinde, ku Kawale, ku Area 23, ku Chinsapo ndi ku Mgona. Bwerani masana Lamulungu anthu ataweruka kutchalitchi, mtengo ukhale woti bambo angathe kulowa ndi mkazi wake ndi ana, zithe dzuwa lisanalowe kuti aliyense abwerere wapansi.

Makhansala athu nawo atithandize pa malo. Mabwalo ambiri amene tinkaseweramo tili ana lero pali nyumba ndi mipanda ya njerwa, ndipo otsalawo ndi a sukulu ndi a mipingo, amene ali ndi eni ake ndi nthawi zake. Dera la anthu ochuluka chonchi likufunika malo amene munthu angakhale pansi popanda woperekera zakumwa kumuimirira pambali kudikira kuti agule. Sitikupempha zapamwamba. Bwalo limodzi lisagawidwe mapuloti, pabzalidwe mitengo ya mthunzi, paikidwe mabenchi a simenti ndi magetsi oyendera dzuwa, kuti amayi ogulitsa chimanga ndi anyamata a bawo azitha kukhalapo mpaka chakumadzulo mopanda mantha.