Ukwati umaimba ng'oma, chivomerezi ayi

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Akuluakulu omwewo amachenjezanso kuti chakudza sichiimba ng'oma. Wina akuti idya lero, winayo akuti khala tcheru. Mabanja a ku Karonga amaidziwa miyambi yonse iwiri, koma nthawi zambiri amaisemphanitsa.

Kwa Ankhonde ndi Atumbuka a m'bomali, ukwati umayendera ng'ombe. Mnyamata akangonena kuti wapeza mbeta, abambo ake amayamba kuwerenga za m'khola, achibale amakhala upo, ndipo pakhomo pamayamba kuuma. Mpunga wa Kilombero wa ku sikimu ya Hara, Wovwe kapena Lufilya umapita kwa mavenda nthawi yokolola, mtengo uli pansi. Mkaka umene ukanagona n'kukhala chambiko cha ana umathera kumsika. Mbalagha ya nyama imadikira alendo. Mtsikana wa Fomu 2 amauzidwa kuti za fizi ziyambe zaima, achimwene ake ayambe alowa m'banja. Chikondwerero n'cha tsiku limodzi, koma njala yake imayamba miyezi yambiri chisanafike.

Chonsecho ukwati ndi chinthu chimene chimaimba ng'oma. Tsiku lake amasankha ndi anthu, angathenso kulisuntha. Lobola nayo, mabanja akamvana, imaperekedwa pang'onopang'ono, ina ana atabadwa kale. Kusowetsa ana chakudya chifukwa cha mwambo wotere si nzeru, ndi manyazi chabe oopa pakamwa pa anthu.

Zimene zagwedeza mabanja a ku Karonga zinabwera osaodira. Mu Disembala 2009 zivomerezi zotsatizana zinagwetsa ndi kung'amba nyumba zambiri, anthu n'kumagona m'matenti dzinja lili pakati. Chaka chomwecho kampani ya Paladin inali itatsegula mgodi wa uranium ku Kayelekera. Ndalama inayenda pa boma, lendi inakwera, anyamata anakwatira ndi kutenga ngongole akudalira malipiro a mwezi ndi mwezi. Mu 2014 mgodiwo unaima, mitengo ya uranium itagwa potsatira ngozi imene mafunde a nyanja anadzetsa ku Fukushima m'dziko la Japan mu 2011. Ndani ku Kayelekera akanaganiza kuti mafunde a nyanja ya kutali chotero angamuchotse ntchito? Tsopano mgodiwo uli m'manja mwa Lotus Resources, ndipo amene apezako ntchito ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira akulu awo mmene zinathera ulendo woyamba uja.

Nawonso mtsinje wa North Rukuru ukasefukira sufunsa kuti pakhomo pano pali chinkhoswe liti.

Kukonzekera zoterezi sikulira kuti munthu aleke kudya. Banki m'khonde imalandira masheya ang'onoang'ono sabata ndi sabata, ndipo mayi woponyako amaphikabe usipa wa ku Ngara madzulo. Matumba angapo a mpunga osungidwa mpaka mtengo utakwera amalipira fizi popanda kugwada kwa akatapila. Koma pali chokonzekera china chimene amuna ambiri amachithawa: kulemba wilu. Kuno mkazi amakhala kwao kwa mwamuna. Mwamunayo akamwalira, achibale ena amakumbukira ng'ombe zimene anapereka, n'kuyamba kuloza munda, njinga ndi malata. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu, koma lamulo limafika mochedwa pamaliro. Wilu imangofuna pepala, siginecha ndi mboni ziwiri. Bambo amene amatha tsiku lonse akukangana za ng'ombe imodzi ya lobola amati kulemba pepalalo n'kudziitanira imfa.

Banja likalephera kusunga pang'ono, ngongole yake imagwera wofooka. Mwambo wa kupimbira, wopereka mtsikana kwa munthu wachuma pobweza ngongole, wakhala ukumveka ku Karonga ndi ku Chitipa kwa zaka zambiri. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasakhale wokwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo mafumu akhala akuthetsa maukwati otere. Komabe mtsikana akabwezedwa kwao, ngongole ya abambo ake ija imakhala ikadalipo, ndipo mwini wake amabweranso kudzalonjerera.