Dzuwa la ku Salima likuwalira yani?

Mu November 2021 munasonkhana ku Salima, mdera la mfumu yaikulu Kalonga, kutsegulira malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60. Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analipo. Kampani ya JCM Power ya ku Canada ndi anzake a InfraCo Africa analipo. Mapanelo oposa 200,000 anali ndandanda pamalo pomwe kale anthu ankalima ndi kudyetsa ziweto. Munaomba m'manja, nafenso tinaomba. Tsopano m'manja mwazizira, ndipo inu a ku unduna wa zamagetsi, a ESCOM ndi a MERA, tili nanu mafunso.

Tiyambe ndi anthu amene anapereka malo. Mwa nyumba zoyandikana ndi mpanda wa sola ija, ndi zingati zomwe lero zili ndi magetsi? Ndi zigayo zingati zomwe zinasiya dizilo? Ndi sukulu zingati zomwe ana a sitandade 8 amawerengera pa getsi m'malo mwa tochi ya mabatire? Chiwerengero cha mamegawati mumachitchula osayang'ana papepala. Nanga chiwerengero ichi chimakuvutani bwanji?

Yankho lanu tikulidziwa kale. Mudzati kampaniyo ntchito yake ndi kupanga magetsi n'kugulitsa kwa ESCOM, ndipo magetsiwo akalowa m'mawaya akuluakulu sangangotsitsidwa pakhomo la munthu popanda thiransifoma ndi mapolo. Zoonadi. Koma thiransifoma ndi mapolo ndi ntchito ya yani? Si yanu? Aliyense wogula petulo kapena dizilo m'dziko muno amalipirapo ndalama yopititsira magetsi kumidzi kudzera mu MAREP. Wakabaza wa njinga yamoto pa Kamuzu Road amalipira. Mwini chigayo cha dizilo amalipira, ndipo amaiwerengera pa mtengo wa chigayo, kotero mayi wogaitsa ndowa ya chimanga nayenso amalipira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Munkadziwa za kusowa kwa magetsi kumidzi pamene malowa ankasankhidwa. Kodi panali pepala lililonse lonena kuti midzi yozungulira idzalumikizidwa chaka chakuti? Ngati lilipo, tionetseni. Ngati palibe, munaganiza kuti anthuwo azingokhala ngati mayi wophika pa ukwati wa eni, wobwerera kwawo n'kukagona ndi njala?

Chachiwiri ndi nthawi. Dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, ndipo nthawi yomweyo ndi pamene Amalawi amayatsa magetsi, kuphika, kutsegula wailesi yakanema. Pa ola limene dziko likufuna magetsi ambiri, mapanelo a ku Salima amakhala atagona. Malowa anatsegulidwa opanda mabatire osungira mphamvu. Chikhalirecho ku Golomoti, m'boma la Dedza, kampani yomweyo inamanga sola ya mamegawati 20 yokhala ndi mabatire a mamegawati 5. Ndiye kuti nzeruyo inalipo. Bwanji malo aakulu katatu anayamba opanda? Ndani anavomereza? Anawerengera kuti madzulo tizidalira chiyani?

Tinaona chomwe tinkadalira. Mu January 2022, patangotha miyezi iwiri chitsegulireni Salima, namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzimiririka, ndipo dziko linakhala mu kuthimathima koposa chaka. Sola ija inathandiza masana, tisakane. Koma Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa mtsinje umodzi wa Shire, ndipo usiku tikadali anthu a mtsinje umodzi womwewo.

Tsono ndalama. ESCOM inasaina mgwirizano wogula magetsiwa kwa zaka 20. Mwana wobadwa tsiku lotsegulira lija adzakhala atamaliza sekondale tikulipirabe. Yunitsi imodzi tikuigula pa mtengo wanji? Mtengowo umawerengedwa m'makwacha kapena m'madola? Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndani anasenza kusiyanako, kampani kapena munthu wogula mayunitsi pafoni? Ngati mawaya a ESCOM alephera kulandira magetsi onse amene dzuwa lapanga masana, timalipirabe amene sitinagwiritse ntchito? Musatiuze kuti ndi chinsinsi cha malonda. Wolipira ndi ife. Chinsinsi chobisira wolipira chimateteza yani? Inu a MERA, mumatiitana kumisonkhano mukafuna kukweza mtengo wa magetsi. Bwanji simutiitana kudzamva zomwe zili m'mapangano amene akukankha mtengowo?

Ndipo pasakhale wothawira ku ndale. Ntchito yomanga inayamba mu 2018, mu ulamuliro wa a Peter Mutharika. Inatsegulidwa mu ulamuliro wa a Chakwera. Mbali zonse ziwiri zinadyapo ulemu wake, choncho palibe amene anganene kuti izi n'za anzathu aja.

Sitikudana ndi sola. Dziko limene mitengo yake ikuthera m'matumba a makala silingakane mphamvu ya dzuwa, ndipo tikufuna malo otere achuluke. N'chifukwa chake kukhala chete kwanu kukutiopsa. Mawa mupita kwa mfumu ina, ku Nkhotakota, ku Mzimba kapena ku Balaka, kukapempha mahekitala ena. Mfumuyo ikadzafunsa kuti anzathu a kwa Kalonga anapindula chiyani kupatula chipukuta misozi ndi maganyu a nthawi yomanga, mudzayankha kuti chiyani? Mudzatchulanso mamegawati 60? Kapena mudzaitengera mfumuyo ku Salima usiku, ikadzionere yokha?