Cipata ca pa eyapoti sicifika pa foni ya mwana

Mu Marichi 2018 boma linabweza wovina wa ku South Africa, Zodwa Wabantu, asanakwere pa siteji mu Lusaka. Caka cotsatira nduna yoona za cipembedzo, Mai Godfridah Sumaili, inati Somizi asabwere ku Lusaka July. M'mipingo yambiri munamveka kuomba m'manja: dziko limene Frederick Chiluba analilengeza mu 1991 kuti ndi la Cikhristu linali litatseka cipata.

Unduna uja unathetsedwa mu 2021, ndipo ena akali kuulira. Ife sitiulira kwambiri. Ngakhale ukanakhalapo, mwana wa ku Kabwata kapena ku Chelstone safuna tikiti kuti aone mavinidwe amenewo. Bando ya pa foni ndi TikTok zakwana. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands mipanda ndi yaitali, koma intaneti siigogoda pa geti.

Akhristu akuda a ku America anakumana ndi vuto ili kale, ndipo ena mwa iwo anasankha kupanga zao. Kirk Franklin atatulutsa "Stomp" mu 1997, akulu ena a mpingo anati walowetsa za dziko m'chalichi, koma acinyamata amene sanali kupondako anamva dzina la Yesu. Tyler Perry anayamba ndi masewero a pa siteji amene azimai opemphera anali kudzaza maholo, nkhani zake zili za ukwati wosweka ndi kukhululuka. Sitinena kuti zonse n'zoyera: Madea uja amayenda ndi mfuti m'cikwama. Sewero la "Greenleaf" linafika poulula macimo a banja la bishopu, zimene ife abusa sitikonda kuona.

Kuno kwathu Pompi anaonetsa kuti nyimbo za rap zingalalikire. Koma madzulo mabanja athu amakhala pa Zambezi Magic kutsata mitala ya Nguzu mu "Mpali", ndipo pa Sondo palibe amaichula pa guwa, ngakhale theka la mpingo linaonera.

Pafupifupi mpingo uliwonse uli ndi gulu la acinyamata la masewero, limene timalikumbuka pa Khrisimasi ndi pa Pasaka cabe. Pamene makomiti a cuma akhala pansi kukonza bajeti, tifuna kuona mzere wa kamera, wa maphunziro a kalembedwe ndi wa thiransipoti ya ana amenewa, pafupi ndi mzere wa simenti ndi malata.