Mankhwala a ana otaya magazi tisamangodikira akunja

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za matenda amene kuno ku Nsaru ambiri timangowatcha ufiti.

Ndili mphunzitsi wamkulu ndinali ndi mnyamata wa Sitandade 4 amene bondo lake linkatupa kawirikawiri osagwa n'komwe. Atamuzula dzino anataya magazi masiku atatu. Amalume ake anamwaliranso chimodzimodzi, mudzi n'kuloza chala agogo ake aakazi. Ine ndemwe ndinkamuyesa wothawa sukulu, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Anali matenda a haemophilia. Mwana amabadwa magazi ake akusowa kanthu kowaundanitsa pabala, kamene madokotala amati Factor 8 kapena Factor 9. Amagwira kwambiri anyamata ndipo amadzera kwa mayi, ngakhale mayiyo aoneke wathanzi.

Mankhwala ake alipo, ena amawayenga kuchokera m'madzi achikasu a m'magazi otchedwa plasma. Anzathu a ku South Africa amayenga okha ku Pinetown, pafupi ndi Durban, ndi magazi a anthu awo. Ife sitipanga, timadikira akunja. Nanga akachedwa, mwana wa ku Kabudula adikire bwanji magazi akutuluka?

Dziko la Britain linapsa nazo. Mu 1975 nduna David Owen analonjeza kuti azidzipangira okha, koma anapitiriza kugula ku America komwe magazi ena ankagulidwa kwa akaidi. Ana pafupifupi 380 anatenga HIV, monga linanenera lipoti la 2024. Lero magazi amayezedwa bwino, komabe fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Sindikuti timange fakitale mawa, ndalama zake tilibe. Boma liyambe kuika mankhwalawa mu bajeti, likambiranenso ndi a ku Pinetown ngati angamatiyengere plasma yathu.

Vuto n'lakuti magaziwo sitipereka. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana a sekondale, ndiye sukulu zikatsekera magazi amachepa. Akuluakulufe timathawa, ati anamapopa, bodza lomwe linaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017.

Abusa ndi ansembe a ku Namitete, Mpingu ndi Nambuma, itanani galimoto yotenga magazi ibwere pa tchalitchi Lamulungu, inu muyambe kutambasula mkono. Ndipo mukamva za mnyamata wotupa mawondo kapena wosaleka magazi, auzeni makolo apite naye ku Kamuzu Central akamuyeze.

Mphunzitsi wopuma,
Nsaru, Lilongwe.