Ulendo wa pamadzi unkathera pa Chiromo

Amishonale a Church of Scotland opita ku Mulanje Mission m'zaka za m'ma 1890 ankayenda ulendo wawo m'zigawozigawo. Sitima ya panyanja inkawatula pa Chinde, pamathiriro a Zambezi, ndipo apo ankakwera sitima zazing'ono zodzera mu Zambezi ndi Shire. Nthawi zambiri chigawo cha pamadzichi chinkathera pa Chiromo, pomwe Ruo, mtsinje wochokera m'phiri la Mulanje lomwelo, umathira mu Shire. Madzi akachuluka, sitima zinkapitirira mu Shire mpaka padoko la kwa Katunga. Akatsika, katundu ankamangidwanso m'mitolo yoti munthu mmodzi asenze, mzungu n'kukwera machila, thukuta lonse n'kukhala la amtengatenga. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, opita ku Mulanje anayamba kutsikira pa Luchenza.