Mukutamanda dothi la ku France, lanu mukuliotcha

Pa ukwati wina ku Chipata, mnyamata wa mu komboni mwathu ananyamula tambula ya vinyo wofiira, nanunkhiza, n'kunena kuti, "Uwu ndiye mowa wa anthu ozindikira, osati masese a kumudzi." Anzake anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa agogo anga ku Zemba anandilipirira sukulu ndi ndalama za masese omwewo.

Achinyamata anzanga, kodi mukudziwa chimene mukutamandacho? Vinyo wina wodula kwambiri padziko lonse, Romanée-Conti, amachokera m'kamunda kosakwana mahekitala awiri ku Burgundy, m'dziko la France. Dothi lake ndi lamiyala ya laimu yosakanizika ndi dongo, losasunga madzi ambiri. Mpesa ukavutikira madzi umazika mizu pansi, n'kubereka mphesa zochepa koma zokoma. Eni ake amalima ndi kavalo kuti thalakitala isapondereze nthaka, amathyola mphesa ndi manja, vinyoyo n'kumusunga m'migolo yamatabwa. Kumeneko munda uliwonse uli ndi dzina, ndipo mu 2015 bungwe la UNESCO linaika minda imeneyi pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Choncho ulemu wa botolo lija ndi wa mlimi wosunga njira za makolo ake.

Nanga agogo anga ankachita chiyani chosiyana? Ankasiyanitsa katondo, makande ndi mchenga pongofinya dothi m'dzanja. Ankadziwa koyenera mawere ndi koyenera nshawa. Chimera ankachidziwa pa fungo kuti chafika. Mtengo wa msangu sankalola kuti munthu audule, poti umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kudyetsa nthaka. Mzungu akachita zotere timati ndi luso. Akachita agogo timati ndi umbuli.

Lero m'minda yathu ndi chimanga chaka ndi chaka. Mapesi timaotcha posaka mbewa, kenako n'kumalira kuti feteleza wadula. Nthaka yatopa, ndipo amene ankaidziwa akutha mmodzimmodzi.

Sindikukutumani kumowa ayi. Ndaika kale m'manda anzanga amene kachasu anawatenga. Ndikunena za manyazi amene timachita ndi nzeru zakwathu. Pa holide ikubwerayi pitani kumudzi. Foni imene mumajambulira matambula ija mukajambulire agogo akutchula maina a dothi la m'munda mwanu. Akapita osawafunsa, mudzafunsa ndani?