Sinthani filiza kuti idye magetsi ochepa, koma musaumitse insulin

Pa misika ya Nsaru, Namitete ndi Kabudula, filiza ya chivindikiro pamwamba ndi chuma. Imasunga thobwa, nyama ndi mkaka, ndipo mnansi wodwala shuga amabwera kudzapempha malo oikamo insulin wake. Vuto ndi magetsi. Amene anaona mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira, akudziwa chifukwa chake ena anathamangira sola. Koma filiza imatha batire msanga.

Njira imene amisiri ena amagwiritsa ntchito ndi kulumikiza thermostat ina kunja, yomwe imadula magetsi mkati mukazizira kufika madigiri 4. Filiza ija imasanduka firiji. Ine ndikuivomereza njirayi. Makoma a filiza ndi okhuthala, ndipo mpweya wozizira ndi wolemera: mukatsekula chivindikiro umatsalira pansi, pomwe m'firiji yoimirira umakhuthukira kumapazi anu. Injini imagwira ntchito kanthawi kochepa, mayunitsi a ESCOM kapena batire n'kukhalitsa.

Zimene sindigwirizana nazo ndi nzeru zina zimene timapatsana. Yoyamba ndi yofunditsa filiza bulangete. Mafiliza ambiri amatulutsa kutentha kudzera m'makoma akunja. Igwireni m'mbali ikamalira, mumva kufunda. Mukaifunditsa mwaitsekera mpweya, ndipo idya magetsi ambiri. Ichotseni padzuwa ndi pafupi ndi mbaula, muisiyire mpata ndi khoma. Yesaninso labala wa chivindikiro: tsekerani pepala, likasololoka mosavuta ndiye kuti kuzizira kukuthawira pamenepo. Malo opanda kanthu dzazani mabotolo a madzi, amasunga kuzizira magetsi akathima.

Inanso ndi yozimitsa usiku n'kuyatsa m'mawa. Kwa zakumwa palibe kanthu. Kwa nyama ndi mkaka, majeremusi amaswana kutentha kukapitirira madigiri 5, ndipo kuziziritsanso sikuwapha. Mwana amene wadya amabwera kwa ife akutsekula m'mimba.

Pa insulin mpamene ndikufuna tisamale kwambiri. Amafuna madigiri 2 mpaka 8. Mapaipi oziziritsa a filiza ali mkati mwa makoma, choncho thermostat ikhoza kuwerenga 4 pakati, botolo lotsamira khoma litauma gwa. Insulin amene anaumapo watha mphamvu ngakhale atasungunuka, ndipo nthawi zambiri maso sangaone kusiyana. Wodwala amabaya mokhulupirika, shuga osatsika. Muikeni m'kabokosi ka pulasitiki, m'basiketi ya pamwamba, pambali pake pakhale thermometer yoti muziiwerenga m'mawa ndi madzulo. Ngati thermometer palibe, botolo limene mwayamba kale kugwiritsa ntchito lili bwino pamthunzi pozizira, monga mumtsuko wonyowa, kwa masabata anayi. Otsalawo funsani ku chipatala.

Kwa inu odzipereka a zaumoyo: katemera asalowe m'filiza yosinthidwa, ngakhale mwini wake ndi wachifundo chotani. Katemera wa pentavalent, wa kafumbata ndi wa HPV amawonongeka akauma. Otsala pa sikelo ya kumudzi abwerere m'bokosi lake lozizira kupita m'firiji ya chipatala tsiku lomwelo, kudzera kwa alangizi a zaumoyo.

Ndipo musapale madzi ouma ndi mpeni. Mafiliza ambiri atsopano ali ndi gasi wa R600a, amene amayaka moto paipi ikabooka.